Bowo la m'njira ya chimbudzi: kukonzekera opaleshoni ya chigamba ndi kusamala bala

Fisitula imene ambiri anaimva pa wailesi ndi ya mkodzo. Ilipo inzake imene amayi amabisa ngakhale pamaso pa namwino: bowo limene limabooka pakati pa njira ya chimbudzi ndi njira yoberekera, mpweya ndi chimbudzi n'kumatulukira kutsogolo. Ine ndagwira ntchito ya unamwino ndi uzamba kuno ku Zomba mpaka ndinapuma, ndipo amayi avutoli ndawasambitsapo, kuwaperekeza ku fiyeta ndi kuwalandira potuluka. Ndikulembera inu amayi anzanga amene muli nalo, komanso achemwali, apongozi ndi abambo amene mudzakhale magadiyani. Dokotala amasoka tsiku limodzi, koma kuti zimene wasokazo zigwire pamafunika miyezi itatu, ndipo miyezi imeneyo imathera m'manja mwanu kunyumba.

Choyamba, nenani vuto lenileni

Amayi ambiri akafika ku chipatala chaching'ono amangoti, "Ndikutuluka chikazi chonunkha." Wowathandiza amawapatsa mankhwala a matenda opatsirana pogonana, iwo n'kubwerera, bowo lili pomwepo. Manyazi ndikuwamvetsa, koma mawu amene angakutsegulireni njira ndi awa: "Mpweya umatulukira kutsogolo," kapena "Ndikatsekula m'mimba, chimbudzi chimadutsira njira ya mwana." Ngati pakhomo pali anthu, pemphani kuti mulankhule ndi mzamba kuchipinda. Bowo laling'ono limanyenga, chifukwa chimbudzi chikakhala cholimba sichidutsa, mayi n'kumaganiza kuti wachira. Nenanibe.

Mufotokozenso mmene zinayambira, chifukwa chithandizo chimatengera pamenepo. Nthawi zambiri ndi uchembere. Mwana akakanirira, mutu wake umapanikiza minofu ya mayi pa mafupa kwa nthawi yaitali, magazi saayenda, mnofu umafa ndipo patapita masiku angapo umayoyoka n'kusiya bowo. Amayi otere kawirikawiri amakhalanso ndi bowo la mkodzo. Kwa ena, pobereka anang'ambika mpaka kotulukira chimbudzi, osasokedwa, kapena ulusi unamasuka. Ena anagwiriridwa. Palinso bowo lobwera chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero kapena chithandizo chowotcha khansa, ndipo mayi amene wayamba kutaya chimbudzi koma sanabereke chaposachedwa amayenera kuyezedwa khansa kaye asanakambe za kusoka. Si ufiti, ndipo si chilango choti mwina wina anayenda njira pa nthawi ya pakati. Ndikunena izi chifukwa ndaonapo atsikana akuumirizidwa kuulula amuna pamene akanayenera kukhala atakwera kale galimoto yopita kuchipatala.

Yambirani pa chipatala chimene muli nacho pafupi, kaya ndi ku Matawale, ku Chingale, ku Mayaka kapena ku Domasi, mutenge kalata yopitira ku Zomba Central. Kumeneko akuyezani n'kuona ngati bowolo angalisoke kapena akutumizeni kwa akatswiri. Ku Lilongwe, pa chipatala cha Bwaila, pali malo osamalira amayi a fisitula okhaokha amene bungwe la Freedom from Fistula Foundation limayendetsa, ndipo chithandizo chake n'chaulere. Muzimveranso zolengeza pa wailesi ndi kwa alangizi a zaumoyo, makamaka chakumapeto kwa Meyi, poti 23 Meyi ndi tsiku limene dziko lonse lapansi limakumbukira nkhondo yothetsa fisitula. Kabuku kanu ka kuchipatala musakasiye, ngakhale katathaitha.

Akakuuzani kuti mudikire, musakhumudwe. Bowo latsopano limakhala lotupa, lamafinya, ndipo ulusi sugwira pa mnofu wotere. Madokotala ambiri amadikira pafupifupi miyezi itatu kuti pazizire. Chosiyana ndi kung'ambika kwatsopano pa tsiku lobereka: kumeneko kumafunika kusokedwa msanga, ku fiyeta, pamalo owala bwino.

Chigambacho n'chiyani

Khoma la njira ya chimbudzi ndi khoma la njira yoberekera zinagundana, pakati pake mpopyapyala. Dokotala amayamba walekanitsa makoma awiriwo mozungulira bowo, kuchotsa chipsera cholimba, kenako kusoka njira ya chimbudzi payokha mosakoka, ndi njira yoberekera payokhanso. Ngati mnofu umene umamanga kotulukira chimbudzi unaduka, amaufunafuna mbali zonse ziwiri n'kuulumikiza. Mabowo ambiri amatsekeka choncho basi, popanda china chowonjezera.

Koma telala aliyense wa mu msika wa Zomba angakuuzeni kuti nsalu ikatha mphamvu, kungoikokera pamodzi n'kudutsitsa singano sikuthandiza, imang'ambikanso pambali pa msoko. Pamafunika chigamba. Mnofu wozungulira bowo lalikulu, kapena bowo limene linasokedwapo n'kumasukanso, kapena lowotchedwa ndi chithandizo cha khansa, umakhala wouma, wosafika magazi okwanira. Apa mpamene dokotala amatenga mnofu wabwino pa thupi lanu lomwelo n'kuuyala pakati pa misoko iwiri ija.

Chimene ndikufuna muchigwire ndi ichi: mnofuwo saudula n'kuuchotseratu ayi. Mbali imodzi amaisiya ili chilumikizire ku mitsempha yake ya magazi, n'kuupinda kuti ufike pamene pali bowo. Ndi wamoyo. Umabweretsa magazi pamalo pamene panalibe, umatchinga kuti misoko iwiriyo isakhudzane, ndipo pang'onopang'ono umamera pamenepo. Chilichonse chimene chingaupanikize, kuukoka kapena kuuwolesa m'masabata oyamba chikhoza kuupha. Malamulo onse amene anamwino adzakupatseni akuchokera pamenepa.

Chigamba chodziwika kwambiri ndi cha mafuta a mu mlomo waukulu wa kumaliseche. Amachitchula dzina la dokotala wa ku Germany, Heinrich Martius, amene anafotokoza njirayi mu 1928. Amacheka mlomo umodzi motsika, kutulutsa mafuta ngati kukula kwa chala, kuboola kanjira pansi pa khungu, n'kuwadutsitsa mpaka pa bowo. Mukadzuka mudzapeza bala lachiwiri kunja, mbali imodzi, nthawi zina lili ndi kapaipi kotulutsa madzi a pabala. Musadabwe n'kumati acheka polakwika. Bowo likakhala lalikulu kapena lili m'kati kwambiri, mafutawo saafika, ndiye amatenga mnofu wautali wa m'kati mwa ntchafu wotchedwa gracilis. Amayi amaopa kuti azitsimphina, koma minofu ina ya ntchafu imapitiriza ntchito, ndipo bala likapola amayenda bwinobwino. Pamene khungu la njira yoberekera linatheratu ndi zipsera, ena amatenga khungu la m'mphechepeche kuti njirayo isatsekeke. Si bowo lililonse lofuna chigamba, ndipo madokotala ambiri a fisitula masiku ano sachiika mwachizolowezi. Mnzanu wa pabedi loyandikana akaikidwa inu osaikidwa, sikuti akumanani.

Za thumba la pamimba

Iyi ndiyo nkhani imene imaliritsa amayi kuposa opaleshoni yeniyeniyo. Bowo likakhala lalikulu, lakutali, kapena lokanika kangapo, dokotala angafune kupatutsa chimbudzi kwa kanthawi. Amatulutsira thumbo pamimba, chimbudzi n'kumagwera m'kathumba komata pakhungu, kuti kumunsi kukhale koyera mpaka chigamba chigwire. Amati colostomy. Ndamvapo amayi akuti, "Bola ndife, anesi." Ndimawamvetsa, koma ine ndikanakhala mwini thupi ndikanavomera. Kwa ambiri thumbali ndi la miyezi yowerengeka, bowo likatsimikizika kuti latsekeka amabwezera thumbo m'malo mwake. Ndipo kwa mayi amene wakhala zaka akuthawa ku tchalitchi, ku mzikiti ndi ku maliro chifukwa cha fungo, kathumba kobisika m'chitenje kamamupatsa mpumulo woyamba. Musanatuluke m'chipatala, inu ndi gadiyani muphunzire kusintha kathumbako ndi manja anu namwino akuona, ndipo mufunse kumene muzikatenga timatumba tina tikatha.

Kukonzekera

Yambani ndi kudya. Ndikukumbukira mayi wina wa kufupi ndi nyanja ya Chilwa amene anafika mikono ngati ya mwana, m'maso muli mbuu. Anali atadziphunzitsa kudya kamodzi patsiku, madzulo okhaokha, kuti masana asadziipitsire pagulu, ndipo madzi ankangonyowetsa pakhosi. Tinayenera kuyamba tamunenepetsa, opaleshoni n'kudikira. Thupi lanjala silipoletsa bala. Idyani nyemba, nandolo, matemba, mazira, nsinjiro m'masamba, ndipo imwani mankhwala owonjezera magazi akakupatsani. Amene muli pa ma ARV musadumphitse, ndipo nenani kuti mukumwa. Chimodzimodzi a shuga ndi a BP. Fodya, wosuta ngakhale wa chingambwe, musiyeni, amachepetsa magazi ofika pa chigamba.

Khungu la kumaliseche ndi m'ntchafu likhale lopanda zilonda, chifukwa ndiko kudzachokere chigambacho. Sambani ndi madzi oyera mukangodetsedwa, pukutani mosisita pang'ono, pakani Vaseline. Tinsalu todzitchinjiriza tichapidwe ndi sopo n'kuyanikidwa padzuwa, osati kukhoma la kuchipinda. Mankhwala azitsamba oika kumaliseche alekeni.

Sankhani gadiyani wosanyansidwa komanso womvera. Tengani zitenje zingapo, ndowa, beseni, sopo, kapu ndi botolo la madzi. Kunyumba konzani amene adzatunge madzi, kusinja ndi kulima m'malo mwanu, ndipo ngati n'kotheka musagwirizanitse opaleshoni ndi nthawi yopalira pamene pakhomo palibe wina wogwira khasu.

Musanasaine kapena kudinda chala, funsani. Chigamba mudzachitenga pati? Kodi padzafunika thumba la pamimba? Ndidzagona masiku angati? Ngati pali bowo la mkodzo, mudzasoka onse pamodzi? Funsani m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo ngati simunamve nenani kuti abwereze. Ndi thupi lanu.

Kukatsala tsiku limodzi kapena awiri adzakuletsani nsima, muzingomwa zamadzimadzi, ndipo adzakutsukani m'matumbo ndi mankhwala akumwa kapena opopera kumbuyo. Usiku womaliza mudzauzidwa ola loleka kudya ndi kumwa. Inu agadiyani, apa mpamene chifundo chimapha. Ndinapezapo mayi wina wachikulire atakhala m'mphepete mwa bedi la mwana wake usiku, akumutsinira mbatata yootcha kuchokera m'kansalu, akunong'ona kuti, "Idya mwanawe, ungakomoke mawa." Anachita mwachikondi, koma matumbo anadzazanso, opaleshoni n'kuimitsidwa. Wodwala akadandaula njala, kaitaneni namwino.

Ku fiyeta nthawi zambiri amabaya jakisoni wa pamsana. Kuyambira m'chiuno kutsika mmunsi kumachita dzanzi, inu muli maso koma osamva ululu.

Masiku a mu wodi

Mudzatuluka ndi diripi, kapaipi ka mkodzo, ndiponso kansalu koikidwa m'njira yoberekera kuti magazi asatuluke, kamene namwino amachotsa pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Musakachotse nokha. Ngati anasokanso chikhodzodzo, kapaipi kamakhala pafupifupi masabata awiri. Agadiyani muziyang'ana kuti mkodzo ukuyenda, kapaipi sikanapindike, ndipo thumba lake lili mmunsi.

Mudzayamba ndi madzi, kenako phala lamadzimadzi, kenako zakudya zofewa, monga mmene dokotala walembera. Mdani wamkulu wa msoko umenewu ndi chimbudzi cholimba. N'chifukwa chake amapereka mankhwala ofewetsa m'mimba monga lactulose kapena liquid paraffin. Amayi ena amawabisa pansi pa pilo, poopa kuti chimbudzi chikabwera chiphulitsa ulusi, ndiye amadzigwira masiku. Kuteroko ndiko kumaphulitsa. Chikakupezani pitani, khalani modekha, musadzikakamize, chituluke chokha. Mukatha tsukani ndi madzi oyera kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, n'kuumitsa pogunditsa nsalu yoyera. Chitsononkho, masamba kapena pepala lolimba zisayandikire.

Bala la pamlomo wa kumaliseche limatupa masiku oyamba ndipo kukhala pansi kumawawa. Gonani chammbali, pokhala tsamirani mbali imene sanacheke, ndipo musatangadze miyendo. Amene anatengedwa mnofu wa ntchafu adzuke ndi kuyenda pamene auzidwa, mothandizidwa. Kugona osatembenuka si kusamala, kumaundanitsa magazi m'miyendo. Mankhwala a ululu pemphani, palibe mphotho ya kupirira.

Itanani namwino msanga mukaona thupi latentha, magazi akutuluka ambiri, bala latupa mofulumira n'kulimba, pakutuluka mafinya, mimba yafufuma, katumba ka mwendo kakuwawa, kapena mpweya wayambanso kutulukira kutsogolo. Chomalizachi amayi amachibisa poopa kukhumudwitsa dokotala. Nenani. Kabowo kakang'ono kotsala nthawi zina kamatsekeka kokha kakasamalidwa msanga.

Miyezi itatu ya kunyumba

Ulendo wobwerera ukhale wa galimoto, mutakhalira chitenje chopindapinda. Misewu yathu ya ku Chingale kapena yotsikira ku Kachulu pa njinga yamoto kapena kabaza ndi yoopsa kwa munthu wosokedwa kumene. Ngati palibiretu njira ina, khalani chammbali, woyendetsa apite pang'onopang'ono, pa mabampu tsikani muyende.

Kunyumba mudzaoneka wochira msanga, ndipo apa mpamene pagona ngozi. Ulusi wa m'kati umasungunuka wokha, koma mnofu umatenga nthawi kuti ulimbe. Ndowa ya pamutu, mtolo wa nkhuni, musi ndi khasu zidikire. Kusesa, kuphika mutakhala pampando ndi kuyenda pang'ono n'zabwino. Apongozi, mukaona mpongozi wanu akuyenda bwinobwino koma osapita kudambo, si ulesi. Mutumeni mwana wina.

Pa kadyedwe, cholinga n'choti chimbudzi chizikhala chofewa tsiku lililonse, koma osatsekula. Imwani madzi ambiri, otetezedwa. Kuno kwathu zofewetsa m'mimba sizisowa: papaya, mapeyala, mango pa nyengo yake, nkhwani, bonongwe, therere, nsima ya mgaiwa m'malo mwa ufa woyera. Chimanga chokazinga, magwafa ambiri ndi nthangala zake, ndi buledi wouma wopanda chakumwa zimamanga m'mimba. Mukatsekula m'mimba pitani kuchipatala, musangogula mapiritsi oimitsa pa okala.

Tsopano kwa inu abambo. Kugonana ayi kwa miyezi itatu yathunthu, ndipo dokotala akanena yoposa apo, mverani yake. Chigamba chija chili kuseri kwa khoma lopyapyala la njira yomweyo. Usiku umodzi ukhoza kugumula zonse, ndipo kusoka kwachiwiri kumavuta kuposa koyamba chifukwa zipsera zimawonjezekera. Ndikudziwa kuti mayi amene wakhala akusalidwa amaopa kukana, akuganiza kuti mwamuna amuthawa tsopano pamene wachira. N'chifukwa chake ndimafuna bambo abwere pa tsiku lotuluka adzamve ndi makutu awo, kuti mkazi asakhale wonyamula uthengawu yekha. Ngati bambo sanabwere, ankhoswe akhale nawo pansi. Miyambo iliyonse yofuna kuti banja ligonane, kaya ya mwana, kaya ya maliro, idikire kapena ipezeredwe njira ina. Ndipo abambo amene munapirira ndi akazi anu zaka zonse za fungo, ndakuonani mukuchapa tinsalu kuseri kwa wodi, miyezi itatuyi musaiononge.

Nthawi yololedwa ikakwana, yambani mofatsa. Ena amamva kuwawa kapena dzanzi mbali imene anatenga mafuta, ndipo mlomo umodzi ungaoneke wochepa kuposa unzake. Zikapitirira, kaneneni ku chipatala, osavutika chamumtima.

Musatuluke m'chipatala opanda njira yolera. Thupi lipume chaka kapena kuposa musanatenge pakati. Pakati pakabwera, yambani sikelo msanga, auzeni azamba kuti munasokedwa fisitula, mwezi womaliza mukakhale kuchidikiro pa chipatala chimene chili ndi fiyeta, ndipo mwana adzabadwe pa siza. Izi si zokambirana ndi anamkungwi kapena azakhali. Mutu wa mwana ukadutsanso pamenepo, chigamba chingang'ambike.

Amayi ena bowo limatsekeka koma mpweya kapena chimbudzi chamadzi chimawapulumukabe kumbuyo, chifukwa mnofu womanga uja unafooka. Dokotala akalola, phunzirani kuulimbitsa: finyani ngati mukugwira mpweya, werengani mpaka faifi, masulani, bwerezani kakhumi, m'mawa, masana ndi madzulo. Zimatenga masabata kuti muone kusintha.

Bowo likatsegukanso, si mapeto, ndipo palibe amene adzakukalipireni. Dokotala amadikiranso kuti pazizire n'kuyesanso, mwina ndi chigamba cha mbali inayo, cha ntchafu, kapena ndi thumba la pamimba. Tsiku lobwerera kukaonedwa lilembedwe m'kabuku, pamodzi ndi mtundu wa opaleshoni ndi mbali imene anatenga chigamba, kuti dokotala wina aliyense adzadziwe. Pitani pa tsikulo ngakhale mukumva bwino, ndipo ndalama ya minibasi muiike padera tsiku lomwe mwafika kunyumba.